Kompyuta ya magemu ku Dzaleka iyambire pa soketi

Mnyamata akaganiza zomanga kompyuta yosewerera magemu, chinthu choyamba kutuluka pakamwa pake ndi graphics card. Amakhala ataonera pa YouTube anthu a ku America ndi ku Ulaya akulumikiza zimakina za galasi m'mbali, zothwanima mitundumitundu, zokhala ndi power supply ya mawati 750 kapena 850. Ine ndikuti kwa munthu wa ku Dzaleka, ku Dowa boma, ku Mponela kapena ku Ntchisi, kuwerengera kuyambire pa soketi ya pakhoma. Magetsi muli nawo ochuluka bwanji, amayaka maola angati, nanga akathima mwadzidzidzi makinawo atani? Kugula khadi lalikulu musanayankhe mafunso amenewa kuli ngati kugula ng'ombe khola musanamange.

Dzaleka inatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale panali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale m'nthawi ya Kamuzu Banda. Kampuyi anaikonzera anthu 10,000 mpaka 12,000, koma lero mukukhala anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Chiwerengerochi chinakwereranso mu 2023 boma litabweza ku kampu anthu othawa kwawo omwe ankakhala m'matauni. Nyumba n'zothithikana, ndipo chipinda chimodzi chimakhala chogona, chochezera ndi chophunzirira. Pamalo otere kompyuta yaing'ono si fashoni. Iyenera kukwana pa kashelefu, iyenera kunyamulika m'chikwama mvula ikayamba kudontha padenga, ndipo iyenera kulowa m'kabati yokhoma usiku.

Tisaganizenso kuti makompyuta ndi achilendo kumeneko. Kuyambira mu 2010 a Jesuit akhala akuphunzitsa maphunziro apamwamba kudzera pa intaneti mu kampu momwemo. Remy Gakwaya, wochokera ku Burundi, anayambitsa TakenoLAB komwe achinyamata amaphunzira kulemba mapulogalamu, ndipo mu 2017 Microsoft mogwirizana ndi UNHCR anatsegula AppFactory. Malamulo a dziko lino amapereka mpata wochepa kwambiri woti wothawa kwawo alembedwe ntchito kapena achoke mu kampu, choncho ntchito yodzera pa intaneti ndi khomo limodzi mwa ochepa otseguka. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi makolo amene amati kompyuta ya magemu n'kutaya ndalama. Makina okhoza kuyendetsa gemu ya mpira bwinobwino amakhozanso kukonza zithunzi za ukwati, kudula vidiyo ya kwaya, kujambula chikwangwani cha shopu ndi kuphunzirirapo Python. Mwana amene watsegula yekha bokosi n'kuikamo RAM kuti gemu isadukeduke waphunzira kale theka la ntchito ya wokonza makompyuta.

Makina amene ndimalimbikitsa ndi a kaunjika, aja anatumikirapo m'maofesi a kunja: Dell OptiPlex, HP EliteDesk kapena ProDesk, ndi Lenovo ThinkCentre. Amabwera ambirimbiri kuchokera ku UK, Dubai ndi ku Joni, ndipo m'mashopu a mu Lilongwe sasowa. Mtundu wofunika ndi umene amaulemba kuti SFF, bokosi lopyapyala loti munthu atha kulipanira m'khwapa. Anawapangira kuyaka tsiku lonse kwa zaka zambiri, amatseguka popanda sikuludiraiva, ndipo popeza alipo ochuluka, chipangizo chikafa chinzake chimapezeka. Pali ang'onoang'ono kuposa pamenepo, omwe Dell amawatcha Micro, Lenovo amati Tiny, HP amati Mini. Amenewa amadya magetsi ochepa zedi ndipo amagwiritsa ntchito chaja yonga ya laputopu, koma ambiri mulibe poika graphics card. Mukafuna amenewa sankhani okhala ndi purosesa ya AMD Ryzen, monga EliteDesk 705 G4, chifukwa mbali yake ya zithunzi ndi yamphamvu kuposa ya Intel ya zaka zimenezo.

Pa purosesa, wogulitsa akangoti "ndi i5" musakhutire. Funsani nambala yonse. Core i5-4570 ndi ya mu 2013, i5-6500 ya mu 2015, ndipo i5-8500 ya mu 2018 ili ndi ma core 6 pomwe ziwiri zinazo zili ndi 4. Zonse zitatu zimakwanira magemu opepuka, koma kusiyana kwake kuonekera pa nkhani ya Windows imene ndifikepo. RAM ikhale GB 8 pang'ono penipeni, 16 ngati thumba lalola, ndipo ikhale timitengo tiwiri tofanana osati kamodzi, chifukwa purosesa imawerenga tiwiri nthawi imodzi. Hard disk yakale ija yozungulira ichotsedwe kapena isungidwe ngati nkhokwe ya mafilimu, Windows ikhale pa SSD ngakhale ya GB 256 yokha. Palibe ndalama ina imene imasintha makina akale ngati ya SSD. Ilinso ndi ubwino wina kwa ife: mulibe chozungulira, choncho siwonongeka msanga ndi kugwedezeka kwa pa kabaza kapena mu minibasi ya pa msewu wa Lumbadzi.

Tsopano graphics card ija. Apa ndi pomwe ambiri amaluzira ndalama. Bokosi la SFF limalandira khadi lalifupi lokha, limene amati low profile, ndipo power supply yake imakhala ya mawati pakati pa 180 ndi 255, yopanda chingwe chapadera chodyetsera khadi. Mapulagi ake ndi a kampaniyo yokha, moti simungangoichotsa n'kuikamo yaikulu ya pamsika. Ndiye khadi liyenera kukhala lokhutira ndi magetsi ochokera pomwe lalowetsedwa, omwe sapitirira mawati 75. Makhadi otere ndi owerengeka. GeForce GT 1030 imadya mawati 30 okha. Radeon RX 6400 imadya 53. GTX 1050 Ti ndi GTX 1650 zimafika 75, ndipo pa power supply ya 180 zimenezi zimakhala pamalire penipeni.

Chenjerani ndi GT 1030. Ilipo mitundu iwiri ya dzina limodzi: ina ya GDDR5, ina ya DDR4. Ya DDR4 imatha kuchedwa pafupifupi ndi theka pa magemu ambiri, koma pa katoni kusiyanako kumalembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono, ndipo ogulitsa ena sadziwa n'komwe. RX 6400 nayo ili ndi khalidwe lake: anaipangira makina atsopano, ndipo m'makina akale a ofesiwa imataya gawo la mphamvu zake, komanso sithandiza pa kutulutsa vidiyo. GTX 1650 ndiyo yabwino pa onsewa kwa munthu wofuna magemu ndi ntchito ya vidiyo pamodzi, koma ambiri mwa makhadi ake ndi onenepa, ndipo m'ma OptiPlex ena malo ake anayandikana kwambiri ndi power supply moti khadilo silikwana. Tengani bokosilo popita kukagula khadi, muliyeze pomwepo.

Kwa amene ali ndi ndalama yoposerapo ilipo njira ina, yomanga kuyambira pansi ndi purosesa ya AMD Ryzen 5 5600G ya mu 2021. Imadya mawati 65 ndipo mbali ya zithunzi ili m'kati momwemo, moti graphics card sifunika. Ndi RAM ya timitengo tiwiri imayendetsa magemu a mpira, GTA V, Rocket League ndi Euro Truck Simulator 2 mukatsitsa kukongola kwa zithunzi. Ubwino wake ndi woti zipangizo zonse ndi za muyezo wa paliponse, mawa mutha kuwonjezera. Vuto ndi mtengo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chatsopano chochokera kunja chinauluka, ndipo motherboard yaing'ono ya ITX imadula kuposa ya micro-ATX popanda kuwonjezera liwiro ngakhale pang'ono. Ine ndingasankhe micro-ATX m'bokosi lalifupi.

Tibwerere pa soketi paja, tichite masamu. OptiPlex ya i5 yokhala ndi khadi laling'ono, pamodzi ndi monita ya LED ya mainchi 19 mpaka 22, imadya mawati 110 mpaka 150 gemu ili m'kati. Batire la sola la 12V 100Ah limasunga pafupifupi ma watt-hour 1,200, koma ngati ndi la asidi simuyenera kulikama kupitirira theka, apo ayi lifa chaka chisanathe. Mwatsala ndi 600. Inveta nayo idyapo gawo lake, mutsale ndi 500 kapena kuposera pang'ono. Kompyuta yathu yaing'onoyi isewera maola pafupifupi anayi. Chimakina cha pa YouTube chija, chodya mawati 400, chithera pa ola limodzi ndi mphindi zochepa, nyumba n'kugona mumdima mafoni osatchajidwa. Inveta ikhale ya pure sine wave ngati n'kotheka, chifukwa zotchipa zija zimaliritsa ndi kutenthetsa ma power supply ena.

Amene ali pa magetsi a ESCOM asadzione ngati apulumuka. Tonse tikukumbukira Januwale 2022 pomwe namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi ma megawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Choopsa kwa kompyuta ndi kuthima kwadzidzidzi komanso mphamvu imene magetsi amabwera nayo pobwerera. Komwe nyumba zingapo zimagawana waya umodzi, wina akayatsa makina owotcherera zitsulo kapena hotipuleti mphamvu imatsika n'kukweranso. UPS ya 650VA imapirira mawati pafupifupi 360, okwanira kompyuta yathu, ndipo imakupatsani mphindi zosungira ntchito ndi kuzimitsa mwaulemu. Ndalama ikachepa pakati pa UPS ndi graphics card, gulani UPS kaye, musewere magemu akale miyezi ingapo. Nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba m'mapiri a Dowa, zulani pulagi pakhoma. Kuzimitsa swichi yokha sikukwanira.

Mdani wina ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba mphepo ya ku Dowa imanyamula fumbi lofiira lolowa paliponse, ndipo bokosi laling'ono lili ndi mafani ang'ono amene amatsekeka msanga. Kompyuta isakhale pansi, isayandikire mbaula, ndipo ikazima iphimbidwe ndi nsalu. Kamodzi pa mwezi tsegulani, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, n'kupemerera ndi pampu ya njinga ndi kaburashi kouma. Makina a zaka khumi amafunanso thermal paste yatsopano pa purosesa ndi kabatire ka CR2032 kosunga tsiku ndi nthawi.

Magemu enieniwo asankhidwe poganizira bandulo. GTA V imaposa GB 60, pomwe GTA San Andreas ya mu 2004 sifika GB 5. Magemu a pa intaneti amadaliranso kuyandikira kwa seva, ndipo yapafupi kwa ife nthawi zambiri imakhala ku Johannesburg, moti netiweki ikagwedezeka mpira umakupezani mwagoletsedwa kale. Chisangalalo chenicheni kwathu kuno chili pa mapadi awiri a USB, benchi limodzi ndi anthu asanu odikira kuti woluza adzuke. Ku Dzaleka benchi limenelo limakhalapo Mkongo, Mrundi ndi mnyamata wa m'mudzi woyandikana nawo, akukangana m'Chiswahili ndi m'Chichewa za penate. Alipo magemu aulere ovomerezeka osafuna intaneti, monga SuperTuxKart ndi 0 A.D., ndipo ogulidwa pa Steam ambiri amaseweredwa intaneti itazima. Magemu obedwa oyenda pa fulashi ndiwo amabweretsa mavairasi, ndipo pa kompyuta imene masana imasunga zithunzi za makasitomala ndi mapasiwedi a ntchito, sindingawalole.

Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 (monga i5-8500) kupita m'tsogolo. N'chifukwa chake maofesi a kunja akutaya makina a m'badwo wa 4, 6 ndi 7 mochuluka, ndipo ambiri akutsikira kuno. Makinawo ndi amoyo ndithu, koma mtengo wake uyenera kusonyeza zimenezi, ndipo wogula anene poyera potsatsana. Ngati i5-8500 yasiyana pang'ono mtengo ndi i5-6500, tengani 8500. Ngati mwagula yakale, Linux Mint kapena Ubuntu ndi zaulere ndipo Steam imayendetsa magemu ambiri pamenepo, koma magemu ena a pa intaneti monga Fortnite ndi Valorant amakana pa Linux.

Pogula pamafunika kuuma mtima, makamaka kwa wokhala mu kampu amene amafunika chilolezo kuti apite ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 40, ndipo sangangobwerera mawa kukabweza katundu. Makinawo ayatsidwe inu muli pomwepo. Lowani mu BIOS muone ngati mulibe pasiwedi yotsalira ya ofesi yomwe anachokera, ndipo muwerenge nokha dzina la purosesa ndi kuchuluka kwa RAM. Tsegulani chivundikiro muone zomata za pa power supply ndi malo a khadi. Yesani doko lililonse la USB ndi fulashi yanu. Onani ngati kumbuyo kuli HDMI, chifukwa ambiri ali ndi DisplayPort ndi VGA zokha, ndipo kachingwe kosinthira mukagulire komweko. Kenako yatsani gemu kapena vidiyo yolemera kwa mphindi 20 mukumvetsera fani. Risiti ilembedwe nambala ya makinawo ndi masiku a chitsimikizo, ndipo ngati mwatuma munthu, mumulembere zonsezi papepala asananyamuke.