Nyimbo Zimene Zinadukira Panjira

Mu June 2023, gulu loimba la WITCH la ku Zambia linatulutsa chimbale chotchedwa Zango, patapita zaka 39 chitulutsireni Kuomboka mu 1984. Kwa achinyamata a ku Ulaya ndi ku America amene analidziwira gululi pa intaneti, imeneyi inali nkhani yokoma basi. Kwa ife amene makolo athu anachoka kummawa, ku Chipata ndi ku Katete, kukafuna ntchito ku migodi, ndipo tinakulira m'makomboni a ku Kitwe nyimbo za gululi zikulira pakhomo lililonse, chimwemwe chinabwera pamodzi ndi nkhawa. Dzina limene munthu walisunga mumtima kuyambira ali mnyamata safuna kuliona likuchita manyazi. Funso limene ambiri tinali nalo linali limodzi: kodi anthu amene aimba m'chimbalechi ndi WITCH yomwe ija, kapena angobwereka dzina?

Funsoli lili ndi pochokera. WITCH inayamba ku Kitwe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, dziko lisanakwanitse n'komwe zaka khumi likudzilamulira. Mkuwa unali ndi mtengo, anthu a ku migodi ankalandira malipiro, ndipo mapeto a sabata mabala ndi maholo ankadzaza. Achinyamata ankamva Jimi Hendrix, Deep Purple, James Brown ndi Rolling Stones, nkuyesa kuimba zomwezo pa magitala amene anawapeza movutikira. Chimene chinatuluka sichinafanane ndi chimene ankatsanzira, chifukwa manja amene ankagunda ng'oma anali atazolowera kale magule a kumudzi. Chamba chimenechi ndi chimene chinatchedwa Zamrock. Boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo, magulu ngati Amanaz, Ngozi Family ndi Musi-O-Tunya anapeza khomo lotseguka. Koma pa onsewo, amene ankadzaza malo mpaka anthu kutsalira panja anali WITCH, ndi woimba wawo Emmanuel Chanda, amene kuvina kwake papulatifomu kunamupatsa dzina loti Jagari, potengera Mick Jagger.

Zimbale zawo za nthawi imeneyo timazidziwa pamtima: Introduction, In the Past, Lazy Bones!! cha mu 1975, Lukombo Vibes cha mu 1976, ndi china chimene chili ndi nyimbo ya Janet. Kenaka a Jagari anachoka nkukhala mphunzitsi, gulu linatembenukira ku disiko, ndipo a Patrick Mwondela analowa ndi kiyibodi yawo m'nyengo ya Movin' On ndi Kuomboka.

Chimene anthu akunja nthawi zambiri samachimvetsa n'chakuti Zamrock siinathe chifukwa chakuti oimba anatopa kapena nzeru zinawathera. Inadulidwa. Mtengo wa mkuwa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama yogulira mbale za galamafoni inasanduka yogulira ufa. Nkhondo ya ku Rhodesia itafika poponya mabomba m'dziko la Zambia, boma linaletsa kuyenda usiku, ndipo gulu loimba limene silingaimbe usiku lilibe podyera. Disiko inabwera ndi munthu mmodzi woseweretsa mbale, wotchipa kuposa anyamata asanu ndi zida zawo. Nyimbo za kalindula zinatenga malo pa wailesi. Pamwamba pa zonsezi panadza Edzi, imene inasesa oimba a m'badwo umenewo mosasankha. Chris Mbewe, John Muma, Gedeon Mulenga, Boidi Sinkala ndi Paul Mumba, amene anapanga phokoso limene timalitcha WITCH, onse anatisiya. Pa gulu lakale lija anatsala a Jagari okha, ndipo moyo unawatengera kutali ndi nyimbo, mpaka kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuthengo kuti adyetse banja.

Amene anawabweza papulatifomu ndi alendo. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasonkhanitsa nyimbo zawo zakale nkuzitulutsanso mu 2012. Gio Arlotta wa ku Italy anapanga filimu ya moyo wawo imene inatuluka mu 2019, ndipo anabwera ndi oimba awiri a ku Netherlands, Jacco Gardner ndi Nico Mauskovic, amene ndi woimba besi ndi wa ng'oma mu Zango. Pa magitala m'chimbalechi pali Stefan Lilov ndi JJ Whitefield. Apa ndi pamene nkhawa yanga inagona. Gulu limene linabadwira m'fumbi la ku migodi linali ndi azungu ochuluka kuposa eni nthaka panthawi ya Zango. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti popanda anthu amenewa chimbalechi sichikanakhalapo. Komabe kalumo kakuthwa kamatha kumeta ndi pamene sipanafunike kumeta.

Nyimbo yoyamba, By the Time You Realize, inandichotsa gawo lalikulu la nkhawayo. Gitala amalowa molemera, ndi kulira kokhakhala kumene tinkakudziwa kale, ndipo mawu a Jagari akangomveka munthu sufunsanso kuti ndani. Mawuwo akalamba. Sakweranso pamene ankakwera mu Lazy Bones!!, ndipo mwina mumamveka kuti akusunga mpweya. Koma sakuyesa kubisa zimenezo, ndipo kusabisako ndi kumene kwandikhulupiritsa. Oimba ambiri akale akabwerera amafuna kutitsimikizira kuti zaka sizinawakhudze, ndipo makina a m'situdiyo amawathandiza kunama. Apa tikumva bambo wachikulire amene anaika anzake onse m'manda, akuimba ndi mawu amene ali nawo lero.

Pamtima pa chimbalechi, kwa ine, pali Waile. Imeneyi ndi nyimbo imene gululi linkaimba pamaso pa anthu m'zaka za m'ma 1970 koma silinaijambule. Imayamba ndi ng'oma ndi kuyankhana kwa mawu, mtsogoleri kuponya ena nkulandira, monga zimakhalira pagule aliyense kwathu kuno, kenaka magitala amagwera pamwamba pake. Ndikaimva ndimazindikira njira imene WITCH inkalowera panthawi ya Lukombo Vibes: kuchoka pang'onopang'ono pa kutsanzira oimba a ku England nkulowa mozama m'zinenero ndi m'ng'oma za kwawo. Njira imeneyo ndi imene mavuto aja anaitseka. Waile ikuonetsa kuti panali ntchito imene inatsala patebulo, ndipo munthu mmodzi anaisunga m'mutu zaka zoposa 40 kudikira tsiku loti aimalize.

N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi anzanga amene akuyeza Zango ndi sikelo ya Lazy Bones!! nkunena kuti yaperewera. Chimbale cha mu 1975 chinali cha anyamata anjala, oimba mothamanga ngati kuti mawa kulibe, ndipo kwa ambiri a iwo mawa analidi ochepa. Ukali umenewo sungapangidwenso, ndipo aliyense woyesa kuupanga angangotulutsa chifanizo. Zango chinajambulidwa ku DB Studios ku Lusaka, situdiyo yomweyo imene munajambulidwa Lazy Bones!!, koma cholinga chake si kubwereza. Chikupitiriza nkhani kuchokera pamene inadukira, ndi anthu amene alipo.

Anthu amene alipowo ndi chuma china cha chimbalechi. Mu Nshingilile muli a Keith Kabwe a gulu la Amanaz, amene chimbale chawo cha Africa chinatulukanso mu 1975. Kumva akuluakulu awiri opulumuka a m'badwo umodzi akuimba pamodzi kumandikhudza kuposa luso lililonse la gitala. Theresa Ng'ambi ndi Hanna Tembo abweretsa mawu a amayi mu Malango ndi Unimvwesha Shuga, ndipo apa ndi pamene chimbalechi chikuposa zakale poyera. Zamrock ya m'masiku athu inali ya amuna pafupifupi yonse. Akazi tinkawaona pansi akuvina, osati pamwamba akuimba. Unimvwesha Shuga imatenganso kukoma kwa nyengo ya disiko, imene ife okonda magitala tinkainyoza kale. Lero ndikuona kuti kupezeka kwa a Mwondela kwagwirizanitsa mbali ziwiri za mbiri ya gululi zimene kale zinkaoneka ngati magulu awiri osiyana.

Ndiye pali Sampa the Great mu Avalanche of Love. Mtsikanayu anabadwira ku Zambia, anakulira ku Botswana, natchukira ku Australia, ndipo anali ataitana kale WITCH m'chimbale chake cha mu 2022. Rap si chamba chimene khutu langa linazolowera, koma kupezeka kwake kukuyankha funso limene linkandivuta kwa nthawi yaitali: kodi pali mwana wa ku Zambia amene adzatenge nyimbo zimenezi ngati zake, osati ngati za m'nyumba yosungira zakale? Iye wazitenga, ndipo amaimba moyandikana ndi a Jagari mosaopa komanso mosapeputsa.

Sikuti zonse zandikomera. Oimba achilendowa ndi aluso, ndipo anaphunzira mbale zakale mosamala kwambiri. Kusamala kumeneko nthawi zina kumamveka. Boidi Sinkala ankagunda ng'oma ngati munthu amene akukankha anzake kuti afulumire, ndipo nyimbo inkayenda mopendekeka pang'ono, ngati ingagwe koma osagwa. Mu Zango chilichonse chili pamalo pake, ndipo m'nyimbo zina za kumapeto ndimalakalaka wina atalakwitsako kuti moto ubuke. Nyimbo yotsekera, Message from W.I.T.C.H., ndi uthenga wolankhula wolimbikitsa chikondi ndi kukana tsankho. Mawu ake ndi abwino ndipo amachokera kwa munthu amene ali ndi ufulu wowanena, koma ngati nyimbo, ndi yofooka kuposa zinzake. Izi sizichotsa ulemu wa chimbale. Ndi malire amene aliyense womvetsera moona mtima adzawapeza.

Chimene chimandiwawa kwambiri chili kunja kwa nyimbo. Zango chinatulutsidwa ndi kampani ya Desert Daze Sound ya ku America, ndipo maulendo ambiri a gululi ndi a ku Ulaya ndi ku America komweko. Mbale zakale za WITCH, zimene makolo athu ankaziunjika m'kabati kapena kuzitaya posamuka, lero zimagulidwa ndi osunga zinthu a kunja pa mitengo imene munthu wa m'makomboni a Chamboli kapena Wusakile ku Kitwe sangailote. Ana ambiri a ku Lusaka ndi ku Kitwe amadziwa oimba a ku Nigeria ndi ku South Africa, koma dzina la Paul Ngozi wa gulu la Ngozi Family sanalimvepo. Sindikuimba mlandu alendo amene anatola chimene ife tinataya. Mlandu, ngati ulipo, ndi wa mawailesi athu, masukulu athu ndi ife eni, amene tinalola kuti nyimbo za m'badwo wonse ziiwalike chifukwa chakuti kuzikumbukira kunkatikumbutsanso maliro ochuluka. Vuto lomweli lili ku Malawi, kumene nyimbo zambiri za magulu akale zinatsalira pa matepi a wailesi ndi m'makaseti amene akuwola m'nyumba za anthu.

Munthu akakonda gulu loimba kwa zaka zambiri, chimbale chatsopano amachimvetsera ndi makutu awiri osiyana. Khutu lina limamva nyimbo zimene zikulira. Lina limafunafuna unyamata wake, anzake amene ankavina nawo, ndi mzinda umene unali ndi ndalama ndi chiyembekezo. Khutu lachiwirili silikhuta, ndipo si chilungamo kupempha oimba kuti alikhutitse. Palibe chimbale chingadzutse Chris Mbewe kapena kubwezera mkuwa mtengo wake wa mu 1973. Ndikalitontholetsa khutu limenelo, chimene chimatsala ndi nyimbo khumi zopangidwa mwachikondi, zina mwa izo zamphamvu zedi, zoimbidwa m'Chibemba, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi ndi anthu a mibadwo itatu.

Pa funso lakuti ndi WITCH kapena ayi, yankho langa ndi lakuti inde. Dzina la gulu silikhala m'chikopa cha oimba kapena m'chiwerengero cha amene anatsala. Limakhala mwa munthu amene akudziwa kumene nyimbo zinkapita ndipo ali ndi mphamvu zozitengera kumeneko. A Jagari akudziwa, a Mwondela akudziwa, ndipo amene awazungulira awamvera m'malo mowalamula. Chotsala ndi chakuti nyimbozi zimveke kwawo. Wailesi ya ku Kitwe, ya ku Chipata kapena ya ku Lilongwe ikaika Waile pakati pa nyimbo za masiku ano, osati pa pulogalamu ya zakale yokha, ndipo mnyamata wina nkufunsa kuti akuimbawo ndani, ntchito imene chimbalechi chayamba idzakhala yafika pamene inkayenera kufika.