Ana a ku Ngabu si aulesi, tikuwaphunzitsa taekwondo ya dziko la eni

Mwezi watha ndinatsikira kwathu ku Ngabu kukaona mayi. Tsiku lachiwiri, kunja kukadali mdima, msuweni wanga wa zaka 17 anagogoda pachitseko. "Achimwene, dzukani mukaone ma kick anga." Ndinayang'ana pafoni, nthawi ili 4:30. Sindinadandaule kwenikweni, chifukwa tulo ta mu Novembala ku Chigwa cha Shire n'tongoyerekeza, umangotembenuka pamphasa thukuta lili kamukamu.

Pabwalo la sukulu ina ya pulayimale tinapeza achinyamata asanu ndi awiri, mmodzi mwa iwo mtsikana, onse opanda nsapato, akuthamanga mozungulira magolo. Amawaphunzitsa ndi bambo wina wokonza njinga pamsika, yemwe anaphunzira taekwondo akugwira ntchito ku Joni. Ana onse amawatchula kuti "Sensei", ngakhale mawuwo ndi a Chijapani pomwe taekwondo ndi ya ku Korea, koma zimenezo tizisiye. Bambowa anandiuza kuti gululi litangoyamba mu Ogasiti, bwalo linkadzaza. Nditafunsa kumene ena aja analowera, yankho linali pafupi: "Ana a masiku ano ndi aulesi, mphwanga. Akufuna lamba wakuda pa masabata awiri."

Ndimawapatsa ulemu bambowa, salandira ngakhale tambala pa ntchito imeneyi. Koma apa pokha sindikugwirizana nawo. Mnyamata amene amapalasa njinga atamangirira matumba a makala kuchoka kumudzi mpaka kumsewu wa M1, kapena mtsikana amene amatola thonje tsiku lonse, simungamunene ulesi. Chimene chikuthamangitsa ana pabwalo n'chakuti tikuwapatsa mapulakatisi okonzedwera matupi, nyengo ndi matumba a anthu ena, ndiye thupi likakana timati mwanayo alibe mtima.

Tiyambe ndi foni ili m'manja mwanuyo. Ife tinakulira m'ma video show, kuonera Bruce Lee, Jet Li ndi Van Damme akulankhula Chichewa cha ma DJ, potuluka n'kumakagwetsa nthochi za anthu ndi mateche. Apano ndi TikTok ndi YouTube. Kakanema ka masekondi 30 kamakuonetsa munthu akuuluka m'jimu yozizira bwino, botolo la madzi lili pambali, m'mimba muli chakudya. Mfana wa ku Ngabu akaonera magazi amawira. Mawa lake 1 koloko masana wavala jekete, mkati wayalamo pulasitiki, akuthamanga mufumbi, ati thukuta lituluke lambiri thupi lilimbe. Ndinawaona awiri ndi maso angawa.

Anzanga, kumeneko n'kusewera ndi moyo. Ku Ngabu mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo a zanyengo akamachenjeza za kutentha koopsa, Chigwa cha Shire sichisowa pamndandanda. Thupi limazizira thukuta likamauma pakhungu. Ukavala pulasitiki thukutalo siliuma, kutentha kumatsekeredwa mkati, ndipo sikelo ikatsika dziwa kuti wataya madzi chabe, abwereranso ukangomwa. Kutentha kwa m'thupi kukafika pa madigiri 40 mutu umayamba kusokonekera: munthu amadzandira, amalankhula zosamveka, mwinanso kukomoka. Imeneyo si nthawi yomukuwiza kuti "limba, ndiwe mwamuna". Muikeni pamthunzi, m'vuleni malaya, m'thireni madzi thupi lonse uku mukumukupiza, wina athamangire njinga yamoto yopita naye kuchipatala. Anthu amafa nazo zimenezi.

Msuweni wangayo anandiuza kuti mu Okutobala, gululi likuchitabe mapulakatisi cha m'ma 3 koloko masana, mnyamata wina anagwa pakati pa bwalo. Anachira, koma makolo ake anamuletsa kubwereranso, ndipo makolo a anzake atatu anachitanso chimodzimodzi. Amenewo ndi ena mwa "aulesi" aja. Ndi pamenepo pamene Sensei anasinthira nthawi kukhala m'mbandakucha, ndipo pa chimenechi ndawaombera m'manja.

Chondidabwitsa n'chakuti masewero enieniwo safuna n'komwe kuzunzika kumene anyamatawa amakufunafuna. Pampikisano, taekwondo ndi maraundi atatu a mphindi ziwiri, pakati n'kupuma mphindi imodzi. Kumenya pachifuwa ndi phazi ndi mapointi awiri, kumutu atatu, ukamenya kumutu motembenuka amaposa pamenepo. Ndiye kuthamanga maola awiri padzuwa, ngati ukufuna kukafika ku Nchalo, kukukonzekeretsa chiyani? Chofunika ndi liwiro, m'chiuno momasuka ndi mpweya wobwerera msanga. Zimenezo zimapezeka ulere: kuthamanga mwamphamvu kuchoka golo ili kufika linalo n'kubwerera poyenda, kulumpha chingwe chomwe chija timamangira mbuzi, thumba la mchenga lopachika mumtengo wa bwemba, ndi kudziwongola tsiku ndi tsiku thupi litatenthako. Woyamba kumene azipita pang'onopang'ono, chifukwa thupi limatenga pafupifupi masabata awiri kuti lizolowere ntchito yolimba m'nyengo yotentha. Madzi uziyamba kumwa usanafike pabwalo, ndipo mkodzo ukadera ngati tiyi wopanda mkaka, thupi likukuuza kuti lauma.

Za chakudya ndinena mwachidule. Zigubu za ufa wa mapuloteni zimene mumaona pa Facebook zisakusowetseni tulo. Nandolo, khobwe, mtedza, mlamba wa ku Elephant Marsh, nsima ya mapira ndi thobwa n'zokwanira kumanga thupi la womenya. Vuto lili mu Januwale ndi Febuluwale, pamene m'makomo ambiri moto umasonkhedwa kamodzi patsiku. Mphunzitsi wanzeru amayamba wafunsa kuti "wadya?" asanalamule ma push-up 50.

Kenako pali kalendala. Moyo wa kuno suyenda ngati wa m'tauni. Mvula ikagwa aliyense ali kumunda. Madzi akasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, sukulu zimasanduka misasa ya anthu othawa madzi, bwalo lomwe lija pamakhala matenti. Mwana amajomba masabata atatu pa zifukwa zomveka, akabwerera amapeza anzake apita patsogolo, ndipo m'malo momulandira amapatsidwa chibalo pamaso pa gulu. Mawa lake simumuonanso. Ine ndikuti wobwerera azilandiridwa ngati mlendo wochokera kutali, chifukwa kubwererako ndiye kovuta kuposa kuyamba.

Koma chachikulu chimene ndinaona kuti chikusoweka pabwalo paja ndi cholinga chooneka ndi maso. Ana aja akhala ndi lamba woyera kuyambira Ogasiti, ndipo palibe akudziwa tsiku limene adzayesedwe. Sanakumanepo ndi gulu lina lililonse. Tangoganizani timu ya mpira yochita mapulakatisi chaka chonse osasewerako gemu ndi imodzi yomwe. Ingatsale ndi anthu angati? Mawu olimbikitsa a pa sitetasi ya WhatsApp amatha mphamvu bandulo isanathe. Chimene chimadzutsa munthu 4 koloko ndi kudziwa kuti pa 15 mwezi wamawa akukumana ndi mfana wa ku Bangula amene anamugwetsa ulendo wathawu.

Ndipo tisamaganize kuti masewerowa ndi a anthu a ku Asia okha. Taekwondo inalowa mokwanira m'masewero a Olympics ku Sydney mu 2000. Mu 2012 ku London, Anthony Obame anapatsa dziko la Gabon mendulo yake yoyamba kudzera m'masewero omwewa. Mu 2016 ku Rio, Cheick Sallah Cissé wa ku Ivory Coast anali akugonja mpaka sekondi yomaliza, pomwe anamenya Lutalo Muhammad wa ku Britain teche lotembenuka n'kutenga golide. Kakanema kameneko ndiye kofunika kukasaka pa YouTube. Ifeyo a Malawi sitinapatepo mendulo ku Olympics, koma mamendulo atatu amene tili nawo ku Commonwealth Games onse anabwera ndi nkhonya: Tatu Chionga mu 1970, Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe mu 1986. Isaac Chilemba, mwana wa ku Blantyre, anafika pomenyana ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016 polimbirana malamba a dziko lonse, ngakhale kuti anachita kusamukira ku South Africa kuti afike pamenepo. Masewero omenyana ndi amene anatiikapo pamndandanda wa mamendulo, koma ndi omwenso timawakumbukira pomaliza.

Kuchoka ku Ngabu kufika ku Blantyre ndi makilomita oposa 100, kukwera chitunda cha Thabwa, ndipo thiransipoti ya ana asanu ndi awiri wokonza njinga sangaikwanitse. Ndiye pempho langa kwa mabungwe oyendetsa masewerowa ndi khonsolo ya zamasewero ndi laling'ono: m'malo modikira ana akwere, tsitsani munthu mmodzi wovomerezeka kawiri pachaka, adzayese ana a ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula tsiku limodzi, m'nyengo yozizirako ya Juni ndi Julayi. Abweretse zotchingira mutu ndi chifuwa zingapo zobwerekana. Makolo amene amati karate imaphunzitsa ana umbava ndi ndewu za kumowa adzabwere adzaone mwana wawo akuweramira mnzake asanamenyane ndiponso atamenyana.

Kunena chilungamo, Sensei sakunama zonse. Alipo amene anabwera kudzajambulitsa chabe, atapeza chithunzi cha pa pulofailo n'kusowa. Kubwereza teche limodzi kambirimbiri n'kotopetsa, ndipo palibe nyengo kapena mpikisano umene ungakuchitire zimenezo. Ineyo ndikulemba pano ndinasiya karate ndili ku koleji patangotha miyezi iwiri, kunja kukuzizira bwinobwino, kafiteriya ikuphika katatu. Wanga uja unali ulesi weniweni, n'chifukwa chake ndimauzindikira ndikauona, ndipo pabwalo paja sindinauone.

Tsiku lonyamuka ndinafunsa msuweni wanga chimene ndingamutumizire ndikalandira. Ndinkadikira kumva za bandulo. Anaganiza kaye, kenako anati ndimupezere kotchingira mano, kawiri, kena n'ka mtsikana uja chifukwa ndi amene amayeserera naye ndipo teche lake lakumanzere silichenjeza. Minibasi itadutsa pafupi ndi sukulu ija nthawi inali isanakwane 7 koloko, bwalo linali kale lopanda munthu, ng'ombe zikudutsa pakati pa magolo.