Chikhakha si mapeto a chithandizo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa tsamba lanuli za vuto limene likupundula okalamba ambiri kumidzi kuno koma silikambidwa.

Nyengo ya mvula kuno ku Mulanje njira zimaterera kwambiri. Munthu akaterereka amatsogoza dzanja kuti adzitchinjirize, ndipo fupa la mkono limathyoka pafupi ndi mfundo ya dzanja. Kuthyoka kotereku kudafotokozedwa m'chaka cha 1814 ndi dokotala wa ku Dublin, Abraham Colles. M'zipatala za m'maboma muli akatswiri a mafupa amene maphunziro awo adayamba m'dziko muno m'chaka cha 1985. Iwowa amawongola fupalo ndi kulimanga chikhakha popanda opaleshoni, ndipo ambiri amachira bwino.

Vuto ndi lakuti ife tikaona chikhakha timati basi, nkhani yatha. Ayi ndithu. Fupa lowongoledwa likhoza kusunthanso lili m'kati mwa chikhakha momwemo. Pomanga chikhakha mkono umakhala uli wotupa. Pakapita masiku, kutupa kuja kumaphwa, chikhakha n'kukhwefuka, ndipo fupa limapeza mpata wobwerera pamene lidapindikira. Kawirikawiri izi zimachitika m'milungu iwiri yoyambirira, ndipo nthawi zambiri wodwala sazindikira.

Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi anthu opitirira zaka 60, makamaka amayi amene adasiya kusamba, chifukwa mafupa awo amafooka m'kati n'kukhala ngati chinkhupule. Enanso ndi amene fupa lawo lidapindika kwambiri pothyoka, amene lidaphwanyika tizidutswa, komanso amene adathyoka mafupa onse awiri a mkono.

N'chifukwa chake adokotala amatiuza kuti tibwerenso pakatha mlungu umodzi kapena iwiri kuti akajambule mkonowo. Kusuntha kukapezeka msanga, amawongolanso ndi kumanga chikhakha china. Koma pakadutsa milungu itatu fupa limakhala layamba kulumikizana lili lokhota, ndipo kulikonza kumafuna opaleshoni m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre. Ndi agogo angati kuno ku Milonde amene angakwanitse ulendo umenewo? Ambiri amangotsala ndi dzanja lopindika losatha kugwira khasu kapena mthiko.

Ena adzati ndalama yokwerera kabaza kupita kuboma kawiri konse ichokera kuti? Funsoli ndi loona. Komabe kodi chotsika mtengo n'chiti, ulendo wa tsiku limodzi kapena kulephera kulima moyo wonse? Enanso amadula okha chikhakha ndi mpeni ati chikuyabwa, kapena amachichotsa kuti akatemere mankhwala achikuda. Chikhakha chimafunika milungu pafupifupi isanu ndi umodzi. Akuluakulu adati fupa lokakamiza limaswa mphika.

Pempho langa likupita kwa abusa, ansembe ndi mashehe. Lengezani uthengawu m'mapemphero. Mukapita kukazonda wodwala wa chikhakha, mukatha kupemphera mufunseni tsiku limene alembedwa m'buku la kuchipatala, ndipo mpingo usonkhe yoyendera. Amayi a Mvano ndi magulu ena a amayi, muwatungire madzi ndi kuwaphikira agogo otere, chifukwa akasowa wothandiza amanyamula ndowa ndi mkono womwewo.

Inunso osamalira wodwala, onetsetsani kuti mkono ukhale m'mwamba masiku oyamba, zala azizigwedeza, ndipo chikhakha chisanyowe. Chikakhwefuka kapena kusweka, pitani naye kuchipatala. Zala zikatupa, zikachita dzanzi, zikazizira kapena kusintha mtundu, ulendo wake ndi wa tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche.

Akuchipatala nawonso atiuze m'Chichewa chomveka chifukwa chake tiyenera kubwereranso, osangolemba tsiku m'buku. Munthu amasunga tsiku akadziwa kufunika kwake.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Milonde, Mulanje.