Yesani netiweki pakhomo panu musanagule simu khadi

Kampani ya foni ikalengeza bandulo yotchipa, ambiri timathamangira kugula simu khadi yatsopano tisanafunse ngati netiwekiyo imafika kumene tikukhala. M'Malawi muno anthu ambiri amasankha pakati pa TNM, imene inayamba ntchito mu 1995, ndi Airtel. Pa mitengo ziwirizi zimapikisana kwambiri, koma kagwiridwe ka netiweki kamasiyana dera ndi dera, ngakhale mudzi ndi mudzi. Nsanja ikabisika kuseri kwa phiri, 4G yolembedwa pachikwangwani ilibe phindu kwa mayi amene amachita kukwera pachulu kuti amve mawu a mwana wake wa ku Joni.

Bwerekani foni ya mnansi, muimbe muli m'kati mwa nyumba. Yesaninso madzulo, anthu atadzaza pa WhatsApp, komanso magetsi atazima. Inu okhala m'malire, ku Mchinji, Dedza kapena Mwanza, muzionetsetsa kuti foni isalumphire netiweki ya Zambia kapena Mozambique, chifukwa mayunitsi amatha msanga.

Pa bandulo musangowerenga ma GB. Funsani kuti imatha pakapita masiku angati. Ina imagwira usiku wokha, ina ndi ya WhatsApp ndi Facebook basi. Onaninso ngati ajenti wa Mpamba kapena Airtel Money ali pafupi ndi kwanu.

Tikupempha bungwe la MACRA kuti lizilengeza pa wailesi, m'Chichewa, momwe netiweki iliyonse ikugwirira boma ndi boma, kuti wogula asankhe akudziwa.