Phala la kusukulu lilowe mu bajeti ya boma

Phala la ana a ku pulayimale lisiye kukhala mphatso ya anthu akufuna kwabwino. Likhale udindo wa boma, lolembedwa m'malamulo ndi mu bajeti, monga momwe zilili ndi malipiro a aphunzitsi kapena mankhwala a m'zipatala. Ndikunena izi monga mphunzitsi wa Sitandade 2 kumudzi, amene ndagwirapo choko pa sukulu yophika phala komanso pa sukulu yomwe moto suyaka n'komwe.

Mwana wanjala sadandaula. Anthu amene sanaimepo kutsogolo kwa kalasi mwezi wa Febuluwale amaganiza kuti ana otere amalira kapena kuchita phokoso, koma ayi, amangoti zii. Ikamakwana 10 koloko milomo imakhala itauma, mutu wagwera pa mawondo, pensulo ili pansi. Ukamufunsa funso amakuyang'ana ndi maso aulemu, koma ukuoneratu kuti mawu ako sakulowa. Belu la buleki likalira amatuluka ndi anzake, osabwereranso. Mawa lake umamva kuti watsagana ndi mayi ake kuganyu wobandira m'munda mwa eni, kuti madzulo apeze kambale ka gaga. Rejisitala ya miyezi imeneyi imachita kuwawitsa mtima poiwerenga.

Kusukulu yophika phala zinthu n'zosiyana. Ana amafika belu lisanalire, aliyense ndi kapu yake, ena ataimangirira ndi kachingwe m'khosi kuti isatayike. Panali kamtsikana kena m'kalasi mwanga komwe kankamwa theka la phala lake, lotsalalo n'kuvundikira ndi pepala la m'kope. Nditakafunsa kanati, "Madamu, ili ndi la mng'ono wanga, amandidikira." Kapu imodzi ya Likuni Phala, ufa wa chimanga ndi soya wothira mavitamini, inkadyetsa ana awiri a nyumba imodzi.

Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chachikulu, ndipo ambiri amene lero ndi anamwino, apolisi ndi aphunzitsi anzanga analowera khomo limenelo. Koma funso loti mwana wabwera kusukuluyu wadya chiyani tinalisiyira ena. Bungwe la Mary's Meals linayamba ntchito yake kuno ku Malawi mu 2002 ndi ana 200, ndipo pano limadyetsa ana oposa miliyoni imodzi m'dziko muno. World Food Programme nayo yakhala ikudyetsa ana m'maboma ngati Nsanje, Chikwawa ndi Phalombe. Ndimawathokoza kuchokera pansi pa mtima. Komabe ana a ku pulayimale alipo oposa 5 miliyoni, ndipo mamiliyoni mwa iwo salandira kanthu. Zoti mwana amwa phala kapena ayi zimangotengera kuti bungwe linasankha sukulu yake kapena linaidumpha. Pali sukulu zina zoyandikana, iyi ikuphika, inayo ayi, ndipo makolo amasamutsira ana kumene kukufuka utsi. Kalasi imene inali yodzaza kale imasefukira, mphunzitsi n'kumasowa popondera.

Thandizo la abwenzi akunja lili ndi malire ake. Tonse tinaona mu Januwale 2025, pamene boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lodzera ku USAID, momwe ntchito zina zaumoyo zinagwedezekera. Palibe anatichenjeza. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chakudya cha ana athu sichingamadalire zisankho za m'maiko a eni.

Maiko ena anadutsa pomwe tilipa. Ku India, khoti lalikulu linalamula mu 2001 kuti sukulu za pulayimale za boma zizipereka chakudya chophika, ndipo lero ana oposa 100 miliyoni amadya kusukulu. Ku Brazil, lamulo la mu 2009 linati ndalama zosachepera 30 pa 100 zilizonse za chakudya cha kusukulu zizigula kwa alimi ang'onoang'ono. Pafupi pompa, dziko la Kenya linalandira ntchito yodyetsa ana kuchokera m'manja mwa World Food Programme mu 2018 n'kuyamba kuiyendetsa lokha.

Njira ya ku Brazil ndi imene imandigwira mtima kwambiri, chifukwa makolo a ana amene ndimaphunzitsa ndi alimi. Mwezi wa Epulo ndi Meyi mavenda amafika ndi masikelo awo n'kugula soya ndi mtedza pamtengo wotsika. Mlimi yemweyo pofika Januwale amakhala akugula chimanga pamtengo wokwera, mwana wake akupita kusukulu osadya. Bwanji sukulu isakhale msika wake? Ndalama zikapita ku khonsolo ndi ku komiti ya sukulu, n'kumagula chimanga, soya, mtedza, nyemba ndi mbatata yofiira m'kati kumakalabu ndi makopaletivi a m'deralo, mlimi wa ku Mchinji kapena ku Kasungu adzalima akudziwa wogula ndi mtengo wake. Ndalamayo idzazungulira m'mudzi momwemo. Zoterezi zayesedwa kale m'sukulu zina kuno kwathu, chatsala n'kuzifikitsa paliponse.

Ndikudziwa kuti ena adzati boma lilibe ndalama. N'zoona kuti thumba la boma ndi lothina, ngongole zachuluka. Koma njala ya ana nayo tikuilipira kale. Kafukufuku wa Cost of Hunger in Africa anapeza kuti mu 2012 Malawi inataya pafupifupi K147 biliyoni, zomwe ndi 10.3 peresenti ya chuma cha dziko cha chaka chimenecho, kaamba ka kunyentchera kwa ana. Ndalamazi zimathera m'zipatala, m'ana obwereza makalasi ndi m'akuluakulu amene sangagwire ntchito mokwanira poti anakula mopinimbira. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Apa ndisabise: kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo kapu ya phala ku Sitandade 1 singabweze zomwe zinaonongeka kalelo. N'chifukwa chake ndondomekoyi iyenera kuyendera limodzi ndi ntchito ya kusikelo, ndipo ifikenso ku sukulu za mkombaphala za m'midzi, komwe alezi ongodzipereka amasonkhetsa ufa khomo ndi khomo.

Ena amati kudyetsa mwana ndi ntchito ya kholo. Inde. Nanga kholo lomwe munda wake unakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, chaka chotsatira chimanga n'kupsa ndi ng'amba mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, tiliuze chiyani? Mwana wake adikire mvula yabwino kuti aphunzire kuwerenga? Za kuba ufa nazo ndimazimva, ndipo zimachitika. Mankhwala ake ndi kumata pakhoma la sukulu chiwerengero cha matumba amene abwera ndi amene aphikidwa, kuti kholo lililonse liziwerenga, wakuba n'kupita kupolisi.

Lamulo la phala la kusukululi lisaiwale amayi ophika. Amadzuka kusanache, kusenza nkhuni ndi madzi, kutakasa mapoto aakulu ndi mithiko yaitali, maso ali psuu ndi utsi, kenako n'kumapita kumunda dzuwa litakwera. Salandira kanthu. Ntchito yomwe dziko lonse likupindula nayo isamangokhala pamsana pa amayi osauka. Pakhale kangachepe kowapatsa, pakhale mbaula zosatha nkhuni, pakhalenso mjigo ndi sopo pa sukulu iliyonse yophika. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo palibe amene angafune kuti mzere wa phala ukhale pofalira matenda.

Sindikunena kuti zonse zitheke chaka chimodzi. Tiyambe ndi maboma amene njala imavuta chaka ndi chaka, mabungwe apitirize komwe ali, boma liziwonjezera gawo lake bajeti iliyonse, ndipo lamulo linene chaka chomwe mwana aliyense adzakhale atafikiridwa.

Chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo, kutanthauza kuti aphungu amakambirana bajeti mu Febuluwale ndi Malichi, miyezi yomweyo imene makalasi athu amakhala apululu. Makolo, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi anzanga: phungu wanu akabwera kumudzi, musangomupempha mlatho ndi bokosi la maliro. Mufunseni kuti mu bajeti ya chaka chino phala la ana alipatsa ndalama zingati, ndipo ayankhe pamaso pa anthu.