Belu Likaleka Kulira

Pa sukulu ya sekondale yogonera komweko, tsiku limayamba ndi belu ndipo limatha ndi belu. Belu ndilo limadzutsa mwana, limamuuza nthawi yolowa m'kalasi, yokalandira nsima ya nyemba, ngakhalenso yotsegula buku madzulo. Kwa zaka zinayi mwanayo sadzifunsa chimene ayenera kuchita, pakuti chitsulo chopachikidwa pamtengo chinamuyankhira kale. Tsono akalemba pepala lotsiriza la mayeso a Fomu 4, amanyamula sutikesi yake n'kubwerera kumudzi, kumene kulibe belu. Apa m'pamene pamadziwika ngati sukulu inalera munthu, kapena inangoweta nkhosa yodziwa kutsata mbusa.

Ambiri mwa achinyamatawa amalowa m'moyo wodikira. Amadikira zotsatira za mayeso. Zikatuluka amadikira kalata. Kalata ikapanda kubwera amadikira amalume a m'tauni. Akuluakulu amafulumira kuwatcha alesi, komatu si ulesi ayi. Ndi anthu amene sanapatsidwepo mpata wodzilamula okha, ndipo munthu wosadziwa kudzitsogolera amasiya kukula pa tsiku limene womutsogolera wachoka.

Mbiri ya Legson Kayira ili ndi chonena pa nkhani imeneyi. Iye anali mwana wa banja losauka la kumpoto kwa dziko lino, pa nthawi imene linkatchedwa Nyasaland, ndipo anaphunzira ku Livingstonia. Atamaliza sukulu analibe ndalama, analibenso wachibale womukankha. Koma anali atawerenga za Abraham Lincoln ndi Booker T. Washington, natsimikiza mumtima kuti akaphunzira ku America. Mu Okutobala 1958 ananyamuka wapansi kulunjika ku Cairo, poganiza kuti kumeneko akapeza sitima yapamadzi. M'manja anali ndi kankhwangwa, bulangete, kamba wa masiku ochepa ndi mabuku awiri: Baibulo ndi The Pilgrim's Progress.

Anthu akamasimba nkhaniyi amakonda kutama miyendo yake, nati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. N'zoona, ulendo wa makilomita oposa 3,000 si wamasewera. Koma kuyenda pakokha si nzeru. Ngakhale wamisala amayenda. Chimene chiyenera kupenyetsetsedwa ndi zimene Kayira ankachita akaima. Chakudya chikatha ankagwira maganyu m'midzi ndi m'matauni a m'njira, napitirira atapeza pang'ono. Atafika ku Kampala mu 1960 anakhalako miyezi ingapo, akugwira ntchito zamanja, ndipo nthawi yotsala ankaithera m'nyumba yowerengeramo mabuku. Panalibe mphunzitsi woitana maina, panalibe pulifekiti, panalibe chilango cholima udzu. Mnyamatayo anadziikira yekha belu lake nalimvera.

M'nyumba ya mabukuyo ndimo anapeza buku la maina a makoleji a ku America, nalembera kalata Skagit Valley College, ku Mount Vernon m'chigawo cha Washington. Anamuyankha kuti malo alipo. Pamenepo zinthu ziwiri zinachitika zimene wouma mutu sakanazilola. Choyamba, Cairo uja anamuleka. Ulendo wake unathera ku Khartoum, kumene anapeza chilolezo cholowera ku America. Cholinga sichinasinthe, koma njira anaisintha ataona kuti ina ndiyo yabwino. Chachiwiri, analandira thandizo. Ophunzira a kolejiyo ndi anthu a m'deralo anasonkha ndalama za ndege, ndipo anafika kumeneko mu Disembala 1960. Alipo achinyamata amene amayesa kuti kudzitsogolera ndiko kukana uphungu ndi kunyoza dzanja la mnzako. Amenewo aiwala kuti safunsa anadya phula. Kayira anafunsa, koma anafunsa ali kale panjira, ndipo n'chifukwa chake anthu osamudziwa anaona kuti n'koyenera kumuthandiza.

Pambuyo pake anaphunzira ku University of Washington ndi ku Cambridge. Mu 1965 anatulutsa buku la mbiri yake, I Will Try, dzina limene analitenga ku mawu olimbikitsa a sukulu yake ya Livingstonia, otanthauza kuti ndidzayesa. Analembanso mabuku a nthano monga Jingala mu 1969 ndi The Detainee mu 1974. Moyo wake wotsala anaukhala ku England, ndipo anamwalirira ku London mu 2012. Ichinso sichiyenera kubisidwa: njira imene munthu wadzisankhira nthawi zina imamufikitsa kutali ndi manda a makolo ake.

Wina anganene kuti Kayira anali ndi mwayi chabe, ndi kuti wotsanzira ulendo wakewo lero angathere m'chitokosi cha pamalire a dziko. Mawuwa ali ndi choonadi, ndipo palibe mphunzitsi wanzeru amene angauze mwana kuti anyamule nkhwangwa alunjike kumpoto. Koma mwayi unamupeza ali patebulo la mabuku ku Kampala, malo amene anadzipititsako yekha atatopa ndi ganyu. Mtsikana wa ku Ntchisi amene masamu sanamuyendere, nadziikira maola awiri m'mamawa uliwonse asanapite kudimba kuti adzalembenso mayeso, akuchita chinthu chomwecho, ngakhale sanatuluke m'boma lake.

Mlandu waukulu uli kwa aphunzitsi. Ambiri amakondwa ndi kalasi lachete, lokopera manotsi pabolodi mosafunsa kanthu, chifukwa kalasi lotere silitopetsa ndipo limakhoza mayeso. Koma mwana amene sanasankhepo yekha buku loti awerenge, amene sanakonzepo yekha ndondomeko ya sabata yake n'kulephera kuisunga n'kuyesanso, adzalephera koyamba ali kumudzi, kumene kulibe womuwongola. Kuli bwino alephere ali Fomu 2, mphunzitsi ali pafupi. Ola limodzi pa sabata lopanda belu, loti ophunzira adzipangire okha chochita kenaka adzafotokoze chimene apindula, lingabweretse phokoso m'masabata oyamba, ndipo mwina mphunzitsi wamkulu angatuluke mu ofesi kudzafunsa chimene chachitika. Mphunzitsi wa kalasilo adzafunika kulimba mtima pomuyankha.