Wolamula makina oyezera ndiye mwini labotale

Pomwe kampani ya Emerson ya ku America idamaliza kugula National Instruments mu October 2023 pa mtengo wa madola 8.2 biliyoni, sidangogula mafakitale. Idatenganso LabVIEW, pulogalamu yomwe akatswiri a zamagetsi akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira mu 1986 polamula makina oyezera kuchokera pakompyuta.

Foni yam'manja kapena batire isanatuluke m'fakitale, imayamba yayezedwa ndi makina monga multimeter ndi oscilloscope. Kale ntchitoyi inkafuna munthu wokhala pampando tsiku lonse, kupotokola timabatani ndi kulemba manambala m'kope. Masiku ano kompyuta imatumiza lamulo, makina n'kuyankha, ndipo kuyeza kumapitirira usiku wonse anthu ali mtulo.

Njirayi idayamba ndi chingwe chomwe kampani ya Hewlett-Packard idakonza kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mu 1975 chingwecho chidavomerezedwa kukhala muyezo wa IEEE 488, womwe ambiri amautcha GPIB, ndipo chimalumikiza zipangizo zosaposa 15 pa mtunda wosapitirira mamita 20. Chingwe chidali chimodzi, koma kampani iliyonse inkalankhula chinenero chake. Mpungwepungwewo udachepa mu 1990 pomwe makampani adagwirizana za SCPI, malamulo olembedwa ndi zilembo wamba. Mukatumiza *IDN? makina amatchula kampani yomwe idawapanga, mtundu wawo ndi nambala yawo. Mukatumiza MEAS:VOLT:DC? multimeter imabweza mphamvu ya magetsi yomwe yayeza.

Apa ndiye pagona nkhani. Popeza malamulowa ndi mawu chabe, safuna pulogalamu yodula. Chinenero cha Python pamodzi ndi PyVISA, zonse zaulere, zimatha kuwatumiza kudzera pa USB, GPIB kapena netiweki. Wophunzira wakhama angathe kulemba mizere makumi awiri yoyeza batire mphindi iliyonse ndi kusunga zotsatira zake.

Kufunika kwa zimenezi kudaonekera mu 2022 pomwe National Instruments idayamba kugulitsa LabVIEW mwa chiphaso cholipira chaka ndi chaka. Ogwiritsa ntchito adadandaula, ndipo pambuyo pake kampaniyo idabwezeretsa chiphaso chogula kamodzi. Koma zidaonetsa poyera kuti labotale yomwe ntchito yake yonse idalembedwa m'pulogalamu ya kampani imodzi imadalira zisankho za eni kampaniyo.

Kuno kwathu, komwe ndalama zakunja zimasowa ndipo kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chiphaso cholipira m'madola ndi katundu wolemera. Mabungwe monga Malawi Bureau of Standards, komanso sukulu zophunzitsa uinjiniya monga MUBAS, angachite bwino kufunsa asanagule makina atsopano ngati makinawo amamva SCPI ndiponso ngati buku la malamulo ake likupezeka. Funsoli n'lofunika kuposa kukongola kwa sikirini.

Tisanamizane, zaulere zilinso ndi mtengo wake. SCPI siifanana ndendende paliponse: lamulo lomwe oscilloscope ya Keysight imalimva, ya Tektronix ikhoza kulikana, choncho wolemba pulogalamu amathera maola ambiri m'mabuku. Ndipo akachoka ntchito osasiya ndemanga m'zomwe adalemba, wolowa m'malo mwake amayambira pachiyambi, popanda kampani yoiimbira foni.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi chitetezo. Makina ambiri olumikizidwa pa netiweki amalandira malamulo pa port 5025 osafunsa dzina kapena mawu achinsinsi. Aliyense wofika pa netiwekiyo angathe kukweza mphamvu ya power supply mpaka kuotcha chipangizo chomwe chikuyezedwa, kapena kusintha makonzedwe mwakachetechete kuti zotsatira zikhale zabodza. Muyezo wa HiSLIP 2.0 udabweretsa njira yobisa mauthenga ndi kutsimikizira wotumiza, koma makina oyezera amakhalitsa zaka zambiri, ndipo akale sadziwa njirayi. Oterowo malo awo ndi netiweki yawoyawo, yosakhudzana ndi Wi-Fi ya alendo.